Thandizeni: getsi likuzimira amayi m'bafa, vuto ndi sensa kapena malo omwe ndaiika?

Mwini funso

Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga, lero zandigwera ine. Pepani, nkhani yake italikirapo.

Kunyumba tili ndi Echo Dot, kasipika ka Amazon komvera mawu kudzera mwa Alexa, pabalaza ndi ina kuchipinda kwathu, komanso mababu 6 a Wi-Fi omwe timayatsa ndi mawu. Ine ndi akazi anga tinazolowera, zimatiyendera bwinobwino. Miyezi itatu yapitayo amayi anga anabwera kudzakhala nafe. Ali ndi zaka 78, bondo lakumanzere limawavuta, amayendera ndodo, ndipo usiku amadzuka kawiri kapena katatu kupita kuchimbudzi. Zoyankhula ndi sipika anakanitsitsa. Akuti iwo sangamaitane munthu wosaoneka pakati pa usiku ngati akubwebweta kutulo. Ndiye amapapasa khoma mumdima mpaka aipeze swichi, ndipo pobwerera amazimitsa pakhoma pomwepo. Mukudziwa kale kuti babu lotere ukalizimitsira pa swichi lachoka pa netiweki. M'mawa uitane sipika mpaka mawu asase, zii.

Ndinaganiza kuti mankhwala ake ndi masensa oona munthu akamayenda. Ndinaitanitsa atatu pa intaneti, a Wi-Fi, oyendera mabatire, dzina lake losadziwika n'komwe. Imodzi ndinaikhomera kumapeto kwa kolido, moyang'anizana ndi chitseko cha amayi. Ina m'bafa, momwe mulinso chimbudzi, pamwamba pa chitseko. Yachitatu pabalaza.

Ya mukolido imachedwa. Ndinayesa ndekha: ndimatuluka kuchipinda kwa amayi n'kuponya miyendo kanayi kasanu getsi lisanayake, chonsecho kolidoyo ndi ya mamita 6 okha. Ya pabalaza nayo ili ndi zake. Tikauza sipika izimitse kuti tionere TV, wina akangotambasula mwendo kapena kutola rimoti, getsi ngwee. Mphaka wathu naye wapeza ntchito, usiku wonse kuyatsa kuzimitsa. Mabatire ake atha kale pasanathe miyezi iwiri.

Koma chandibweretsa kwenikweni ndi cha m'bafa. Lachiwiri cha m'ma 2 koloko usiku ndinamva ndodo ikugogoda chitseko. Getsi linali litawazimira ali chikhalire, mdima wa ndiweyani, ndipo amaopa kudzuka chifukwa matailosi anali onyowa. Nditawatulutsa ndinawauza kuti zikatero azingogwedeza dzanja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndizibayibitsa khoma ndili pachimbudzi?" M'mawa mwake anandifunsanso ngati kadiso koyera kaja sikawajambula akamasamba.

Ndiye abale, ndataya ndalama pa zinthu zachabechabe, kapena ndine ndaika molakwika? Ndikati ndigulenso, ndigule mtundu wanji woti ugwirizane ndi Alexa? Zobowola khoma kachiwiri ndisanamve kwa inu, ayi.

Wamawaya

Achimwene, musanatulutse ndalama ina, mvetsani kaye kuti kachinthu kanuko kamaona chiyani. Masensa ambiri a mabatire ndi a PIR. Alibe kamera, ndiye amayi atsimikizireni kuti palibe amene akuwajambula. Chomwe amamva ndi kutentha kwa thupi, ndiponso osati kutentha kongokhala phee, koma kosuntha. Kapulasitiki koyera ka timabokositimabokosi kali kutsogoloko ndi Fresnel lens, kamagawa chipinda m'timizeremizere ngati zala zotambasula. Thupi lofunda likachoka mumzere wina kulowa mu wina, sensa imadzuka. Tsono inu mwaiika kumapeto kwa kolido, amayi akubwera molunjika komwe ili. Munthu wotero amayenda mtunda ndithu ali mumzere umodzi womwewo. Sensa imeneyi imafuna munthu wodutsa chopingasa.

Ichotseni, muiike pakhoma la m'mbali, pafupi ndi chitseko chawo, cha m'ma mamita 2 kuchokera pansi, kuti akangotuluka adule timizere tija pomwepo. Ndipo musakhomere. Imatani kaye ndi tepi masiku atatu, muziisuntha mpaka mupeze pomwe ikumva bwino. Ine makoma omwe ndaona atabowoledwa pachabe chifukwa cha phuma ndi osawerengeka.

Za m'bafa, sensa sinalakwe. Munthu wokhala chete kwa PIR ndi chimodzimodzi mpando. Onjezaninso izi: PIR siiona kudutsa galasi, ndiye ngati posambira pali chitseko chagalasi, amene ali mkatimo kwa iyo kulibe. Bafa likatenthanso ndi madzi otentha, kusiyana kwa thupi ndi zozungulira kumachepa, nayo imamva movutikira.

Mwini funso

Ha, ndiye ndaiika pamalo oipitsitsa pa malo onse. Ine ndimati ikamamuyang'ana munthu kumaso m'pamene iziona bwino. Galasi lilipodi posambira.

Mai_wa_mapasa

Bambo, za mitundu ndisiyira odziwa, ine ndingokuuzani zomwe ndinachitira apongozi anga. Sensa ndinaiika pansi pa bedi lawo, pamwendo wa bedi, kuyang'ana komwe amatsikira. Akamatembenuka m'tulo siiona kanthu. Akangoponda pansi, getsi la kuchipinda ndi la mukolido amayakira limodzi asanafike n'komwe pachitseko. Kuchedwa kwa masekondi awiri atatu sikuvutanso chifukwa nthawi imeneyo amakhala akufunafuna masilipasi.

Chinanso, usiku musayatse 100%. Munthu wongodzuka kumene ukamuthira kuwala konse m'maso amachita chidima, ndiye n'kugwa komwe mukuopako. Ine ndinaika 15%, kuwala kofiirira. Koma inu muli ndi mphaka, sindikudziwa ngati amalowa kuchipinda kwa amayi.

ZigbeeBasi

Malo ndi mbali imodzi, akulu afotokoza bwino. Mbali ina ndi Wi-Fi. Sensa ya Wi-Fi ya batire imagona tulo kuti isunge moto. Ikamva munthu iyenera kudzuka, kulumikizana ndi rauta, kutumiza uthenga ku seva ya kampani yake, sevayo iuze Alexa, Alexa auze seva ya mababu, uthenga ubwerere kwanu. Ulendo wonsewo kuti babu lomwe lili mamita awiri kuchokera pa sensa liyake! N'chifukwa chake imachedwa, n'chifukwa chakenso mabatire sakhalitsa, makamaka pabalaza pomwe imadzutsidwa tsiku lonse.

Zigbee, njira ina yolumikizira zipangizo popanda waya, anaipangira zinthu zing'onozing'ono ngati zimenezi. Imayenda pa 2.4 GHz ngati Wi-Fi, koma imadya moto pang'ono kwambiri, batire limatha kupitirira chaka. Koma dziwani kuti imafuna hub, kabokosi kolandira mauthenga a masensawo, ndipo Echo Dot wamba ilibe Zigbee mkati. Echo yaikulu yozungulira ija ya 2020, 4th generation, ndiyo ili nayo. Apo ayi mugule hub ya kampani yomwe mwasankha n'kuilumikiza ku Alexa.

Zomwe ndagwirapo ndi manja anga: Philips Hue motion sensor imadya mabatire awiri a AAA ndipo imayezanso kuwala, ndiye mukhoza kuiuza kuti masana isamayatse. Aqara P1 imadya ma CR2450 awiri, ndipo ubwino wake mumasankha nokha nthawi yomwe ipume ikamva munthu, kuyambira sekondi imodzi mpaka 200. Zakale zambiri zimangoti zikamva kamodzi, mphindi yathunthu zagontha.

Mukaona pabokosi palembedwa Matter musaganize kuti basi zatheka. Matter inatuluka mu 2022 kuti zipangizo za makampani osiyana zizimvana, koma masensa ake a batire ambiri amayenda pa Thread, netiweki ina yodya moto pang'ono, ndipo Thread imafuna chomwe amati border router, chipangizo choilumikiza ndi netiweki ya m'nyumba, monga Echo yomweyo ya 4th generation, HomePod mini kapena Nest Hub ya 2nd generation. Za Z-Wave, njira inanso ngati Zigbee, samalani poitanitsa, ya ku Ulaya imayenda pa 868 MHz, ya ku America pa 908 MHz, ndipo ziwirizi sizimvana.

Kamnyamata_ka_IT

Bwana musavutike, gulani sensa ya radar, yomwe amati mmWave, nkhani ithe. PIR ndi zachikale. Aqara FP2 ndi radar ya 60 GHz, imamva ngakhale kupuma kwa munthu wokhala chete, ndipo chipinda mumachigawa m'zigawo pafoni, sofa payokha, tebulo payokha. Ngati mumakonda kulumikiza nokha, kabolodi ka radar ka LD2410 ka 24 GHz ndi kabolodi kokayendetsa ka ESP32 zikwanira.

Wamawaya

Mphwanga, radar ndi yabwino, koma mwaiwala kuwauza zinthu ziwiri. Choyamba FP2 siyendera batire, imafuna waya wa USB usana ndi usiku. Mukuwauza akokere chaja m'bafa momwe mumagwa madzi, kwa gogo woyendera ndodo? Chachiwiri, radar imamva mopitirira muyeso. Fani ikamazungulira, ndi munthu. Katani ikamagwedezeka ndi mphepo, ndi munthu. Chitseko chathabwa kapena khoma lopyapyala imadutsa, ndiye wodutsa mukolido amayatsa getsi la m'bafa. PIR imazimitsira munthu alipo, radar imakana kuzimitsa munthu palibe. Imakonzeka, inde, koma konzekerani kukhala nayo pansi madzulo angapo. Pabalaza kapena pomwe munthu amagwirira ntchito pakompyuta ndingavomere. M'bafa ayi.

Kamnyamata_ka_IT

Zilipo za batire masiku ano akulu, zophatikiza PIR ndi radar.

Wamawaya

Zilipo. Koma amayiwa akupita kuchimbudzi usiku uno, osati katundu akadzafika.

Mlongo_wanu

Ine ndikudabwa kuti palibe wafunsa: mwaika mphindi zingati kuti getsi lizime? Ndikukayikira kuti ndi ziwiri kapena zitatu. Mu Alexa pangani ma routine awiri osiyana. Woyamba: ikamva munthu, yatsa. Wachiwiri: ikapanda kumva munthu kwa mphindi zakutizakuti, zimitsa. Wachiwiriyo ikani mphindi 20 kapena 30. Babu la LED la mawati 9 litayaka theka la ola pachabe ladya chiyani? Kulimbana ndi timphindi timeneto n'kumene kwasiya amayi mumdima. Sensa ipatseni ntchito yoyatsa, imeneyo imaidziwa. Yozimitsa musaikhulupirire msanga.

Za pabalaza, vuto ndi lakuti mabwana alipo awiri, mawu anu ndi sensa, ndipo sensa sidziwa kuti mwalamula kale. Njira yachidule, routine ya pabalaza ipatseni maola: izigwira kuyambira 11 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa basi, nthawi yoonera TV ikhale ya mawu okha. Amene ali ndi Home Assistant, pulogalamu yoyendetsera zipangizo za m'nyumba, amapanga kaswichi kongopeka koti ukanena kuti tikuonera filimu, sensa isamvedwe mpaka utachotsa. Amaikanso sensa ya chitseko pabafa: chitseko chikatsekedwa kenako mkati n'kumveka kuyenda, ndiye kuti munthu alimo mpaka chitsegulidwenso, akhale chete motani. Nzeru yabwino zedi, koma imafuna kakompyuta kakekake koyaka nthawi zonse, sindikudziwa ngati mukufuna kufika kumeneko.

Mkulu_wosakonda_zambiri

Pepani ndilankhule mosapsatira. Zoseweretsa zanuzi sewerani nazo pabalaza. Njira ya mayi wa zaka 78 yopita kuchimbudzi siyoti idalire rauta, intaneti ndi maseva atatu. Tsiku lomwe intaneti idzadule, routine ya Alexa sidzayenda, ndipo mudzamvanso ndodo pachitseko. Gulani timagetsi tausiku tobaya pasoketi kapena tochajidwa, tokhala ndi sensa yakeyake mkati, topanda pulogalamu iliyonse. Kamodzi mukolido mmunsi, kena m'bafa. Zinazo zikhale zowonjezera.

ZigbeeBasi

Apa sinditsutsa. Ndingowonjezera kuti si zonse zimadalira intaneti. Sensa ya Hue ndi babu la Hue zimamvana kudzera pa Hue Bridge, hub ya Hue, m'nyumba momwemo, intaneti ikhalepo isakhalepo. Masensa a Zigbee a IKEA amathanso kulumikizidwa ndi babu la IKEA mwachindunji popanda hub. Koma achimwenewa mababu awo ndi a Wi-Fi, ndiye kusintha sensa yokha kungodula theka la ulendo uja. Mukadzasintha, yambani ndi babu la mukolido ndi la m'bafa.

Mwini funso

Ndabweranso abale, patha masiku anayi. A Mlongo_wanu munalasa, ndinaika mphindi ziwiri. Manyazi andigwira. Pano ndi 25.

Ya mukolido ndinaizula, ili pa tepi pakhoma la m'mbali, mkono umodzi kuchokera pachitseko cha amayi. Tsopano getsi limayaka ndikaponya mwendo wachiwiri. Kuchedwa kwa Wi-Fi kukadalipo, koma si kuja. Ya pabalaza ndinaichotseratu, ndinaona kuti pamenepo mawu akutikwanira. Ndinaiika mabatire atsopano n'kuimata pamwendo wa bedi la amayi monga ananenera Mai_wa_mapasa, kuwala 15%. Akulu osakonda zambiri, mawu anu anandiwawa tsiku loyamba, koma timagetsi tiwiri ndagula. Ka m'bafa n'kochajidwa, kali pashelefu moyang'ana chimbudzi. Ndinayesa kuzula rauta dzulo usiku, mababu onse duu, tokhato n'timene tinayaka.

Maswichi awiri apakhoma omwe amayi amazimitsira ndawamata tepi kuti asamazimitsidwe. Amayi anaiona tepiyo n'kufunsa ngati swichi yavulala. Za kadiso ndinawatsegulira sensa yomwe aone okha kuti mulibe kamera. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera osanena kanthu, koma kuyambira tsikulo thaulo lomwe amaiphimba nalo posamba sindinalionenso pamwamba pa chitseko. Thaulolo ndinali ndisanakuuzeni chifukwa nanenso ndinalitulukira Lachisanu.

Latsala ndi la mphaka. Wazindikira kuti pansi pa bedi la amayi m'pofunda, ndipo amayi salola kuti chitseko chawo chitsekedwe usiku. Dzulo getsi lawayakira kanayi ali mtulo. A Wamawaya, kumata tepi mbali ina ya kapulasitiki koyera kaja kungathandize pa sensa yomwe ili pansi chonchi, kapena ndiikweze ifike msinkhu wa matiresi?