BP ya mayi wothyoka msana ikukwera mwadzidzidzi: tiyambe magnesium sulphate?

Mzamba wa ku wadi ya amayi oyembekezera:
Akuluakulu anzanga, ndithandizeni nzeru. Tili ndi mayi amene anathyoka msana pa fupa la T4 (lachinayi mwa mafupa a msana a pachifuwa, powerenga kuchokera kumwamba) pangozi ya minibasi mumsewu wa Kafue, ndipo kuchokera pachifuwa kutsika mmunsi sakumva kanthu. Pathupi pake pakwana masabata 31. Usiku uno BP yakwera kufika 170/110, mutu ukumuwawa koopsa, thukuta lili kamukamu kumaso, koma miyendo ndi yozizira ndipo mtima ukugunda ka 52 pamphindi. Mumkodzo mulibe puloteni. Kodi imeneyi ndi pre-eclampsia, vuto la BP yokwera mwa amayi oyembekezera lomwe kawirikawiri limaoneka ndi puloteni mumkodzo, kuti tiyambe magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomoka?

Dokotala wogonetsa odwala:
Amayi azamba, musafulumire. Munthu akavulala msana pa T6 kapena pamwamba pake, chilichonse chovutitsa thupi kumunsiko, ngakhale iye asachimve, chimachititsa mitsempha ya magazi kufinyika, BP n'kukwera, mtima n'kumagunda pang'onopang'ono. Imeneyi ndi autonomic dysreflexia, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi chikhodzodzo chodzaza kapena chimbudzi chouma. Yambani ndi kuona katheta, kapaipi kotulutsira mkodzo. Kwezani bedi lonse chakumutu popanda kumupinda msana, mumasule zovala zothina, ndipo BP ikakana kutsika mumupatse nifedipine. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti wovulala pamwamba pa T10 samva kupweteka nthawi yobereka ikayamba, choncho ikani dzanja pamimba: ngati BP ikukwera chiberekero chikalimba n'kutsika chikafewa, mwana ali m'njira. Zikatero mundiitane msanga, pakuti epidural, jakisoni wa pamsana woletsa ululu, ndiyo imaletsa BP kukwera chonchi, ndipo mayi wotere angathe kubereka yekha popanda opaleshoni.

Wa physiotherapy:
Ndiwonjezepo za kagonedwe, popeza zimaiwalika anthu akatanganidwa ndi BP. Asagone chagada, chifukwa chiberekero chimapsinja mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima. Mumupendeketse kumanzere thupi lonse pamodzi ngati chipika, anthu anayi, pakapita maola awiri alionse, apo ayi zilonda za m'matako zidzatipeza. Heparin yoletsa magazi kuundana akulandira kodi?

Mzamba:
Zikomo kwambiri nonse. Kapaipi ka katheta kanapindika pansi pa ntchafu, ndipo nditakawongola panatuluka mkodzo wokwana mamililita 900. Pasanathe mphindi khumi BP yatsika kufika 100/60, mutu waleka. Chiberekero ndi chofewa, mtima wa mwana ukumveka bwino. Heparin akubayidwa tsiku lililonse, koma khomo la chiberekero sitinaliyeze sabata ino. A Dokotala, popeza kuyezako kungadzutsenso vutoli, ndidikira mubwere mmawa kuti tiyeze muli pomwepo.