Mbumba ya Anambewe: mawu a pa chiliza

Malume (Lizulu): Mwadzuka bwanji nonse? Chiliza cha mng'ono wanga tivundukula Loweruka lomaliza la Okutobala, mvula isanagwe. Simenti matumba 6 ndagula, mchenga anyamata atuta kale. Mmisiri akufuna mawu a pamwala pofika Lachisanu. Ine ndati tilembe Yobu 1:21, Yehova anapatsa, Yehova watenga.

Mayi aang'ono (Dedza): Tadzuka achimwene. Kachewere ndi kabichi ndibwera nazo ine, mbuzi mupeze konko.

Mphwa (Joni): K80,000 yanga ndatumiza pa Mukuru.

Namwino (Lilongwe): Malume, mundikhululukire, ndine mwana, koma vesilo likundilemera. Malume aang'ono anasiya mankhwala a BP miyezi 5. Ndinawachonderera, iwo amvekere tsiku likakwana lakwana. Sitiroko ija inabwera tikuiona. Tsono sabata yatha ndapeza botolo la mankhwala a agogo lili lodzaza, nawonso mawu ake omwewo. Tikalemba pamwala kuti Yehova watenga, agogo akamva kuti tavomereza.

Malume (Lizulu): Mwana wanga, mpheta siigwa pansi Atate osalola. M'kalasi tinaphunzira kuti mvula ndi chilala, moyo wathanzi ndi matenda, sizitigwera mwangozi, zimachokera m'dzanja la Atate. Ndakhala mkulu wa mpingo zaka 22, sindinganene kuti imfa ya m'bale wanga inamudzidzimutsa Mulungu.

Mphwa (Joni): Nanga Deuteronomo 30:19 malume? Mulungu akuti waika moyo ndi imfa pamaso pathu, tisankhe moyo. Ngati zonse zinatha kale kulembedwa, angatiuze bwanji kuti tisankhe?

Aphunzitsi (Ntcheu boma): Ndilowepo pang'ono. Funso la mphwa wa ku Joni lakhala likuvutitsa anthu kalekale. Mu 1618 mpaka 1619 kunali msonkhano waukulu wa mipingo ku Dordrecht, m'dziko la Netherlands. Otsatira a Jacobus Arminius, mphunzitsi wa zaumulungu wa konko, ankati munthu angathe kukana chisomo. Msonkhano unagamula kuti Mulungu ndiye amayamba kusankha, ndipo amene wamuitana amamusintha mtima mpaka afune yekha. Amishoni a Dutch Reformed amene anayamba ku Mvera mu 1889, kenako Nkhoma ndi Mlanda kwathu kuno, anabwera ndi chiphunzitso chimenecho. Maganizo a Arminius anawafalitsa kwambiri John Wesley, mlaliki amene anayambitsa Methodist, ndipo mipingo yambiri ya chipentekoste, ngati wako mphwa, inamwa pachitsime chimenecho. Koma abale, ku Dordrecht ankakangana za chipulumutso cha moyo wosatha, sankakangana za mapiritsi.

Aphunzitsi (Ntcheu boma): Ndipo malume, mawu mwatchulawo ndi a m'Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563. Katekisma yemweyo pofotokoza lamulo lakuti usaphe, amaletsanso munthu kudzivulaza kapena kudziika dala pangozi. Amene analemba za dzanja la Atate ndi omwewo analemba izi, ndipo sanaone kuti zikutsutsana.

Mayi aang'ono (Dedza): Ife ku Katolika timamva mawu a Augustine Woyera akuti Mulungu amene anakulenga popanda iwe sadzakupulumutsa popanda iwe. Mvula amagwetsa ndi Iye, koma sindinaone munda wopanda khasu ukubala.

Amayi a Chisomo: Ndakhala ndikuwerenga chete. Mapiritsi aja ndinkawaikira pambali pa phala m'mawa uliwonse, iwo nkumawakankhira uko. Ndinalira, ndinaitana alamu, zinakanika. Chaka chonsechi ndimagona chifukwa cha vesi la Yobu lomwelo. Mukandilanda, ndiye kuti ndine ndinalephera kuwasunga bambo a Chisomo?

Namwino (Lilongwe): Ayi azakhali, ayi. Pepani kwambiri. Inu munachita zonse, ine ndine mboni. Ndinalankhula ndi mantha a agogo, osaganiza za bala lanu.

Mphwa (Joni): Pepani azakhali. Inenso ndinathamanga pakamwa.

Malume (Lizulu): Alamu, palibe akukuimbani mlandu m'mbumba muno. Ndatsegula Machitidwe 27, ndakhala nawo kanthawi. M'ngalawa muja munali anthu 276, ndipo mngelo anamuuza Paulo kuti palibe adzafe. Koma amalinyero atafuna kuthawa pa kabwato, Paulo yemweyo anauza asilikali kuti awa akapanda kukhala m'ngalawa, inu simupulumuka. Kenako anawakakamiza onse kudya, atatha masiku 14 osalawa kanthu. Lonjezo linalipo, koma anadya, anasambira, ena anagwira matabwa. Momwe ziwirizi zimalukirana sindingakumasulireni mpaka pansi. Chimene chikundiwawa nchakuti mng'ono wanga atandiuza kuti tsiku likakwana lakwana, ine ndinangogwedeza mutu. Ndinayenera kumutsegulira mutu umenewu.

Mayi aang'ono (Dedza): Musadzipweteke achimwene. Amayi akadali moyo, kawatsegulireni iwo. Ife ana aakazi satimvera, inu amakumverani.

Malume (Lizulu): Ndipita mawa tikaweruka ku tchalitchi, Baibulo m'manja. Vesi la pamwala likhala la Yobu monga alamu afunira. Alipo wotsutsa?

Namwino (Lilongwe): Palibe malume. Ine ndibweretsa makina oyezera BP, ndimuphunzitsa Chisomo kuwayeza agogo. Koma botolo lija asangoyamba kumwa, akaonane kaye ndi adokotala. Pakufunika wowaperekeza kuchipatala Lachitatu.

Aphunzitsi (Ntcheu boma): Ndiwaperekeza ine, ndipempha tsiku kusukulu. Pa kabaza sangathe ndi msana uja, tipeze galimoto.

Mphwa (Joni): Ya galimoto ndiwonjezera K25,000 usiku uno.

Amayi a Chisomo: M'mawa ndizikawapatsira ndekha ndi phala, nyumba zayandikana. Alamu, mmisiri mumuuze alembe vesi lonse, asasiye mawu akuti lidalitsike dzina la Yehova.

Malume (Lizulu): Ndamva alamu, ndimuimbira pompano. Amene simunasonkhe, tsiku lomaliza ndi pa 10. Mbuzi ndikaona pa msika wa Lizulu.