Ndigule makina anji owotcherera shiti yopyapyala osaiboola?

Wofunsa, Santhe:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kashedi kowotcherera pa Santhe, ntchito yanga ndi mafelemu a mawindo, mabagala, mageti ndi ngolo. Makina anga ndi aja akale a tiransifoma ofunika anthu awiri kuti anyamuke, ndipo pa zitsulo zokhuthala sandivutitsa. Koma masiku ano anthu akagulitsa fodya pa Chinkhoma akumafuna zitseko zachitsulo zokutira shiti ya 1 mm kapena 0.8 mm, ena matiranki, a kabaza nawo akubwera ndi madigadi ong'ambika. Ndikangogunditsa rodi ya 2.5, pabooka. Ndikatsitsa moto mpaka pothera, rodi imangomata osayaka.

Ndikufuna makina ang'ono oti ndizitha kumangirira pa njinga. Ku Lilongwe ndaona mitundu itatu: inveta ya ma rodi yolembedwa 300A, MIG (makina owotcherera ndi waya wotuluka wokha pa tochi m'malo mwa rodi) yopanda gasi, ndi MIG ya gasi. Ndalama yanga ndi yokwana imodzi basi. Magetsi kwathu ndi a singo feizi ndipo madzulo amafooka. Ndigule iti?

Mmisiri wa pa Kamwendo:
Achimwene, 300A yolembedwa pa katoniyo muiwale. Soketi ya m'nyumba ndi ya 13A pa 230V, mphamvu yake siyipitirira kwenikweni 3 kW, pamene 300A yeniyeni imafuna kuposa katatu pamenepo. Nambala imeneyo ndi yokopera ogula. Inu ntchito yanu ili kumunsi: funsani kuti makinawo amatsika mpaka pati, ndipo akatsika motowo umakhazikika kapena umadukaduka. Inveta yoyambira pa 20A ndi imene mukufuna. Tiransifoma yanuyo ndi ya AC, n'chifukwa chake ikatsitsidwa rodi imamata. Inveta imatulutsa DC, moto wake umayenda mofewa ngakhale uli wochepa.

Komanso rodi ya 2.5 yakula pa shiti ya 1 mm. Imeneyo imafuna 60A mpaka 90A. Pezani rodi ya mtundu wa 6013 ya 2.0 muiyatse cha m'ma 40A mpaka 55A, kapena ya 1.6 cha m'ma 30A. Waya wa chogwirira rodi muike ku minasi, wa efi ku pulasi, motowo sulowa kwambiri m'chitsulo.

Wowongola magalimoto, Kasungu boma:
Musamunamize munthu. Pa 0.8 mm rodi ndi yongolimbana nayo, mwini wake ndi MIG ya gasi ndi waya wa 0.6. Bodi ya galimoto ndi yopyapyala chomwecho ndipo ife timaiwotcherera tsiku lililonse osaboola. Mumangofinya tsekula tseka, kadontho kadontho, palibenso zogogoda silagi, makoko aja amatsala pamwamba mukawotcherera ndi rodi.

Mmisiri wa pa Kamwendo:
Palibe akutsutsa, bwana, koma inu muli m'galaja ya zipupa. Mnzathuyu ali pa shedi ya pamtetete. Mphepo ya mu Ogasiti ikawomba imaulutsa gasi yense wotchinjiriza powotcherapo ku mpweya, chowotcherera chimatuluka ndi timabowo ngati chisa cha njuchi. Nanga silinda ya CO2 aimangirira pa njinga? Ikatha Lachitatu ntchito ili pakati, ayende msewu wa Kasiya mpaka ku Lilongwe kukadzazitsa, kasitomala akudikira.

Wowongola magalimoto, Kasungu boma:
Za silindazo ndavomera.

Wina wa ku Mtunthama:
Ine ndili ndi yopanda gasiyo. Mphepo siyiopa, n'zoona, ndipo kuphunzira kwake n'kosavuta. Koma waya wake amayambira 0.8 ndipo amatentha kuposa wa gasi, choncho pa shiti ya 0.8 mm mubooleza ndithu mukapanda kusamala. Imathothanso timibulu ponseponse, girayinda sipuma. Pa 1.2 mm kupita m'mwamba ndiye ndimasangalala nayo. Musanagule funsani ngati shopuyo imasunga waya ndi timatipi ta kumapeto kwa tochi, chifukwa timatha msanga, ndipo makina opanda tipi ndi bokosi chabe. Nthawi ya dzinja wayayo muzimuchotsa n'kumukulunga m'pulasitiki, akachita dzimbiri amakakamira m'kati mwa tochi.

Madala a ku Nkhamenya:
Ana inu mwaiwala gasi wa kabayidi. Ife madigadi ndi ma ekizozi timawotcherera ndi tochi ya moto ndi waya wa buraso, magetsi akhalepo asakhalepo.

Mayi wowotcherera, Mchinji boma:
Madala, pa madigadi mukunena zoona, koma chitseko chathunthu mukachiyendetsa tochi ya moto shiti yonse ipindika mafundemafunde, kasitomala sangachilandire. Ndipo zigubu za kabayidi zopangira kuseri kwa nyumba zija zimaphulika, ine sindingalangize munthu kuyamba nazo.

Achimwene ofunsa, ine zitseko zomwezo ndimapanga ndi inveta ya ma rodi. Zambiri zili pa dzanja. Shiti igone ndithu pa felemu, muipane ndi kalampu pasakhale mpata, chifukwa pamene pali mpata ndi pamene pamabooka. Moto muziyatsira pa felemu yokhuthalayo, kenaka mungoutsetserekera pang'ono m'mphepete mwa shiti n'kuchotsa. Osakoka mzere wautali. Dontho pakona iyi, lina pakona ya kutsidya, lina pakati, kudumphadumpha kuti pamene mwawotcha pazizire. Pena ndimaboola shiti timabowo ta 6 mm ndi dirilo n'kudzaza timabowoto kulumikiza ku felemu, kunja kukhala kosalala bwino. Mukamalumikiza shiti ndi shiti inzake, ikani chidutswa cha kopa kuseri, chimayamwa kutentha ndipo sichimata.

Ndiwonjezeko za matiranki: ambiri amapangira shiti ya galivanaizi. Utsi woyera umatuluka pamenepo ndi wa zinki, umadwalitsa, usiku mumva kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi mwina n'kumayesa malungo. Zoti ukamwa mkaka utsiwo sukugwira ndi nkhambakamwa. Palani zinkiyo ndi girayinda pamene muwotcherepo ndipo mukhale koti mphepo ikuchotsereni utsi kumaso. Malata ofolerera a geji 28 kapena 30 musavutike nawo n'komwe, amenewo ndi a ma riveti.

Wofunsa, Santhe:
Zikomo kwambiri nonse, makamaka mayi a ku Mchinji, za kalampuzo ndazimva. Mtima wagwera pa inveta ya ma rodi popeza igwiranso mageti ndi mabagala. Funso lina: kumidzi kumene kulibe magetsi, kajenereta kanga ka 2.5 kVA kangaikoke?

Mmisiri wa pa Kamwendo:
Pa rodi ya 1.6 kapena 2.0 kakhoza kuyesa, koma mukaika 2.5 kapena 3.2 kazilira mpaka kuzima, ndipo kukwera ndi kutsika kwa magetsiko ndi kumene kumawotcha bodi ya inveta. Wa 5 kVA kupita m'mwamba, wokhala ndi AVR yokhazikitsa magetsi kuti asamakwere ndi kutsika, ndiye mungagone tulo. Chingwe cha ekisitenshoni chikhale cha 2.5 mm, chachifupi, ndipo muchitambasule chonse.

Kumbuyo kwa makina kuli kambale kolembedwa manambala. Mukaona 60% ndiye kuti pa mphindi 10 zilizonse amawotcha 6 n'kupuma 4 pa moto umene walembedwa pansi pakepo. Pa shiti simudzafikako kumeneko, koma pa geti ya mapaipi mudzafika.

Mayi wowotcherera, Mchinji boma:
Popita ku shopu mutenge chidutswa cha shiti yanu ya 0.8, kachidutswa ka chubu ndi ma rodi a 2.0, muwauze alumikize muyese pomwepo. Akakana, pitani pa shopu ina. Ma rodi a 1.6 sapezeka paliponse, mukawaona mugule paketi yonse, muwasunge m'paipi yotseka mbali zonse kuti asamwe chinyezi. Ngati patsala kandalama, onjezani chigoba cha kumaso chija chimada chokha moto ukayaka, pa ntchito ya madontho manja onse awiri amafunika.

Wofunsa, Santhe:
Alipo wa pagulu pano amene akudziwa shopu ya pa Kasungu boma kapena ku Mchinji imene ikusunga ma rodi a 1.6 panopa? Andipeze ku inibokosi.