Thumba la 50 kg: kodi munthu mmodzi azinyamula yekha?

Nkhoma wa pa Lizulu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira anyamata otsitsa feteleza ndi simenti pa lole, komanso okweza mbatata ya kachewere yochokera ku Tsangano. Ena ayamba kudandaula msana ndi chiuno. Kodi ulipo mulingo wodziwika wa katundu amene munthu mmodzi anganyamule osavulala? Nanga malamba a m'chiuno aja ndikawagulira angathandize?

Jere:
ANkhoma, mulingo ulipo, koma umasintha malinga ndi pomwe katunduyo ali. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito, linaika 23 kg ngati malire, ndipo apo ndi pamene zonse zili bwino: katundu ali pafupi ndi thupi, ali pa msinkhu wa 75 cm kuchokera pansi, ali ndi pogwira pabwino, ndipo munthu sakupotoka. Katundu yemweyo mukamutalikitsa kuchoka pa 25 cm kufika pa 50 cm kuchokera pomwe mwaima, malire aja amatsika ndi theka, kufika pa 11.5 kg.

A HSE, bungwe loona za chitetezo pa ntchito ku Britain, amati 25 kg kwa mwamuna ndi 16 kg kwa mkazi, katundu akakhala cha m'chiuno, wogunda thupi. Akakhala pansi penipeni kapena kupitirira mapewa, zimatsika kufika pa 10 kg kwa mwamuna ndi 7 kg kwa mkazi. Kunyamula kasanu mpaka kasanu ndi katatu pa mphindi, dulaninso pakati.

Mudzamva ena akutchula 55 kg. Imeneyo ndi ya ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, ya mu 1967, ndipo anaiika ngati malire osayenera kudutsidwa ndi mwamuna wamkulu, osati mulingo woti munthu azigwira nawo ntchito tsiku lonse. Thumba la feteleza ndiye kuti laposa kale kawiri mulingo wabwino. Matumba a mbatata osokerera pamwamba aja ndiye osanena.

Nangozo:
Ndiwonjezere pa zomwe anena aJere. Chimene chimapha msana kwambiri ndi kuwerama miyendo ili yowongoka, n'kudzula thumba pansi, kenako n'kupotoka chiuno kuti uliponye pambali. Pakati pa mafupa a msana pali tinyama tofewa tomwe timateteza mafupawo kuti asakhulane. Munthu akawerama, timapanikizika kutsogolo. Akapotokanso ali ndi katundu, khungu lake limayamba kung'ambika pang'onopang'ono mpaka zam'kati zimatulukira kumbuyo n'kupsinja mtsempha wopita kumwendo. N'chifukwa chake ena amati ululu ukutsika m'thako mpaka ku katumba.

Aphunzitseni motere. Ayime pafupi kwenikweni ndi thumba, miyendo yotangadza pang'ono, phazi limodzi patsogolo. Apinde mawondo ndi chiuno, osachita kunjuta mpaka pansi. Aliyimike kaye thumbalo, dzanja limodzi ligwire ngodya yapansi, lina ngodya yapamwamba ya mbali inayo, alikumbatire pamimba, adzuke ndi mphamvu ya ntchafu mosadzidzimutsa. Pokhota asunthe mapazi, mapewa ndi chiuno ziyang'ane kumodzi. Potula atsike chimodzimodzi, ndipo akafuna kulikonza pamulu alikankhe litatera kale.

Za malamba, ndalama yanuyo isungeni. A NIOSH omwewo sanapeze umboni woti lamba amateteza msana, ndipo vuto lake ndi loti mnyamata akavala amadziona ngati wawonjezera mphamvu, n'kuyamba kupikisana ndi anzake.

Nkhoma wa pa Lizulu:
Zikomo mayi. Ndiye ndingowauza kuti azinyamula awiriawiri, basi vuto latha?

Maseko:
Ayi achimwene, silinathe. Anthu awiri sanyamula kawiri ka munthu mmodzi, chifukwa sadzukira pamodzi ndipo wamfupi kapena wakumunsi kwa chitunda ndi amene amalemedwa. A HSE amawerengera magawo awiri mwa atatu: 25 kuphatikiza 25 zimakwana 50, koma mulingo wake ndi 33 kg basi. Awiriawiri n'kwabwino kuposa mmodzi, koma muwaphatikize ofanana msinkhu, ndipo mmodzi yekha ndiye aziwerenga "wani, thu, firii".

Phindu lalikulu lili pa kakonzedwe ka malo. Thumba lisamatere pansi ngati lidzanyamulidwenso. Potsitsa, amene ali pa lole alikokere kumapeto, wapansi alilandire pamsinkhu wa phewa kapena lilowe mu wilibala molunjika. Thabwa lochindikala lopendekeka kuchokera pa lole limatsetsereza matumba bwinobwino, bola likhale lopanda misomali ndipo mulimange kumwamba lisaterereke. M'sitolo yalani mapaleti (matabwa okhomerana oikapo katundu) awiri kapena atatu osanjikiza kuti mzere woyamba uyambire cha m'mawondo, ndipo mulu usapitirire mapewa. Lole iyime pafupi ndi khomo. Mtunda ukaposa 10 m, wilibala igwire ntchito. Nthawi ya dzinja thirani mchenga kapena miyala panjirapo, poti ambiri amabinya msana podzigwira ataterereka m'matope.

Mbatata ija kambiranani ndi alimi kuti iziikidwa m'matumba osasokerera, ndipo muziika pa sikelo. Musamalipirenso ganyu powerenga matumba okha, chifukwa zimenezo n'zomwe zimawathamangitsa osapuma. Azisinthana: wokokera pa lole, woyendetsa wilibala, wosanja.

Nangozo:
Kwa amene akumva kale kuwawa: msana wongobinya umachira m'masabata ochepa munthu akamayendayenda ndi kugwira ntchito zopepuka, kugona tsiku lonse kumangowuumitsa. Koma wina akanena kuti mwendo ukufooka, akumva dzanzi pakati pa miyendo, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikuvuta kapena kutuluka zokha, mutengereni ku chipatala chachikulu cha Ntcheu kapena cha Dedza tsiku lomwelo. Chotupa cha m'mphechepeche chimene chimatuluka akamadzuka ndi katundu nachonso akachionetse, ndipo chikauma, n'kumapweteka, iye n'kumasanza, musadikire kuti kuche.

Jere:
Kumbukiraninso kuti lamulo lathu la chitetezo ndi umoyo pa ntchito la mu 1997 limaika udindo woteteza antchito pa olemba ntchito, ndipo la chipukuta misozi la mu 2000 limakhudza ovulalira pa ntchito. Muzilemba m'buku dzina, tsiku ndi zomwe zinachitika wina akavulala. Ana osakwana zaka 18 omwe amabwera kudzafuna ganyu tsiku la msika musawapatse matumba amenewa.