Zoona angayeze ayironi mu selo imodzi ya magazi?

Wa_ku_Lizulu: Abale ndithandizeni. Mlamu wanga amuuza kusikelo kuti magazi achepa, anamubaya pachala nkuika kadontho mkamakina kaja basi nambala nkutuluka. Ndiye mphwanga amene akuphunzira za labu akuti kunja kuli makina oyeza ayironi mu selo imodziimodzi osati dontho lonse, ine ndamutsutsa, kanthu koti maso sakaona ungakayeze bwanji? Kapena mwanayu akungondipusitsa poti ndine wogulitsa kachewere

Aphunzitsi_Bembeke: Sakukupusitsani achimwene, njirayo imatchedwa mass spectrometry. Magaziwo amawasungunula kwambiri kuti maselo atalikirane kenako amawapopera ngati nkhungu mumoto wa mpweya wa argon wotentha kuposa madigiri 6,000, selo ikangolowamo imaphwasukiratu nkutsala maatomu okhaokha (tizidutswa tochepetsetsa timene timapanga chinthu chilichonse), ndiye makinawo amawasankha potengera kulemera kwake, ayironi 56, kopa 63, zinki 64. Selo iliyonse ikapsa pa kompyuta pamatumphuka kamzere kake. Musaidelere selo yofiirayo, imodzi yokha muli maatomu a ayironi pafupifupi 1 biliyoni.

NaPhiri_Tsangano: Inu a kachewere simungavutike kumva kkkk. Kamakina ka kusikelo kali ngati kuika thumba lonse pa sikelo, mwadziwa makilo koma simunadziwe kuti pansi anaikako timbatata tingati tating'ono. Enawa akukhuthula thumbalo nkuyeza imodziimodzi. Anthu awiri nambala itha kufanana koma wina maselo ake onse ndi apakatikati pomwe mnzake ena ndi odzadza ena ofooka.

Aphunzitsi_Bembeke: Eya mayi mwalasa. Koma ayironiyo ndi amene amavutitsa, argon amalemera 40 okosijeni 16, zikagwirana mumotomo zimakwana 56 ndendende ndiye makina amaona ngati ndi ayironi, mpaka pamafunika njira yochotsera chinyengo chimenecho. Palinso mtundu wina wotchedwa CyTOF, unachokera ku Toronto cha m'ma 2009, uwo amayamba amata tizitsulo tosowa pa maselo oyera ngati zizindikiro, nkutha kuwerenga zinthu zoposa 40 pa selo imodzi.

Wa_ku_Lizulu: Ndiye mlamu wangayu ndimutengere kuti akayezedwe zimenezo?

NaPhiri_Tsangano: Iii ayi bambo, amenewo ndi makina a kafukufuku, odula koopsa. Mlamuyo azimwa mapilitsi a ayironi amene amupatsawo osadumphitsa, azigona mu neti, ndipo tiyi asamamwere limodzi ndi mapilitsiwo, amatchinga ayironi kulowa mthupi.

Wa_ku_Lizulu: Tiyi ameneyo ndiye pali nkhondo, kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Mphwanga uja ndikamugulira fanta Loweruka