Za nyumba ya ku Chitakale ija

Mwezi watha ndinafunsa za mtengo woyenera wa nyumba ya malemu bambo athu ku Chitakale, ya zipinda zogona zitatu. Ambiri munati tisamvere madobadoba, tiitane katswiri wowerengera mitengo ya nyumba. Tinatero, zikomo kwambiri.

Mkuluyo sanalabadire penti watsopanoyo. Anayamba ndi mapepala a malo. Poti lizi ndi ya zaka 99 ndipo zatsala zambiri, akuti wogula ndi ngongole ya kubanki sangavutike. Kenako anazungulira kuseri, n'kuwerama pamaziko kuona ngati madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 anasiya ming'alu. Kuno ku Mulanje ogula amafunsa zimenezo asanaone n'komwe khitchini. Mwayi wake nyumbayi ili pamtunda, kutali ndi mtsinje.

Mpopi pakhomo, magetsi a ESCOM ndi msewu wa tala wopita ku Limbe zakwezanso mtengo, ngakhale ine mtima uli pa phiri loonekera pakhonde lija. Anatichenjeza kuti tisayerekeze ndi nyumba zomwe zinagulitsidwa kwacha isanagwe mu Novembala 2023.

Chatsala n'kusintha dzina pa lizi, idakali ya bambo. Achimwene ayamba kale kuyendera zimenezo ku ofesi ya zamalo ku Blantyre.