PIP yamukana mnyamata amene sangawoloke msewu yekha, tiyambire pati?

Nachisale, support worker: Anzanga a ntchito ya care kuno ku England, ndigawireniko nzeru. Ku day centre kwathu kuli mnyamata wa zaka 26 yemwe ali ndi learning disability yaikulu ndithu. Amayankhula, amaseka ndi aliyense, koma sawerenga, ndalama sazidziwa, ndipo pamsewu ukangomutaya dzanja walowa pakati pa magalimoto. Mayi ake ndi ochokera kumudzi ngati ife tomwe. Bambo ake ali moyo banjali silinapemphepo kalikonse ku boma, koma iwo atamwalira mayiwa anakamupemphera PIP, ndalama za boma zothandiza anthu aulumali. Dzulo andionetsa kalata: mapointi 4 pa daily living (zochita za tsiku ndi tsiku), 0 pa mobility (za kayendedwe), ndalama palibe. Kalatayo inalembedwa masabata 6 apitawo, iwo anangoipinda n'kuika m'Baibulo. Akuti boma lanena, basi. Ndiwathandize bwanji popanda kudumpha malire a ntchito yanga?

Achimwene a ku Luton: Asisi, mwezi wodandaulira uja wadutsa kale. Angoyamba fomu yatsopano, asataye nthawi.

Naphiri, social worker: Ayi achimwene, musawataitse ndalama mayiwa. N'zoona kuti mandatory reconsideration, kupempha kuti aunikenso chigamulo chawo, imafunika pasanathe mwezi kuchokera tsiku la pa kalata, koma DWP, nthambi ya boma yoyendetsa PIP, imalandirabe pempho lochedwa mpaka miyezi 13 ngati munthu wafotokoza chomwe chinamuchedwetsa. Maliro, kusamvetsa kalata, kusamala mwana usana ndi usiku, zonsezo ndi zifukwa zomveka. Ubwino wake ndi wakuti akapambana, ndalama zimawerengedwa kuchokera tsiku limene anayamba kupempha. Fomu yatsopano imayambira pa tsiku latsopano, miyezi yonse yam'mbuyo yapita.

Koma tisanathamange, Nachisale, mapepala a mnyamatayo ali bwanji? PIP ili m'gulu la public funds. Ngati chilolezo chake chokhalira kuno chili ndi mawu aja akuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti saloledwa kulandira chithandizo chotere cha boma, nkhaniyi ndi ya wodziwa malamulo a immigration kaye, ife tisaigwire.

Nachisale: Pamenepo palibe vuto, onse awiri ndi nzika za kuno, mnyamatayo anabwera ali wamng'ono.

Naphiri: Chabwino. Nanga fomu ija analemba ndani, ndipo tsiku la assessment anayankha ndani?

Nachisale: Analemba mayiwa okha, mwana n'kusaina. Assessment inali ya pafoni, ndipo anamupatsira mnyamatayo foniyo poganiza kuti ndi mmene ziyenera kukhalira.

Malume Gondwe, namwino wa learning disability: Ndiye vuto lagona pomwepo, mwana wanga. Anthu amene timawasamalirawa ambiri amavomera chilichonse chimene mlendo wafunsa, pofuna kumusangalatsa kapena kubisa kuti sanamve funso. Umaphika? Eya. Umakwera basi? Eya. Sakunama ayi, basi amakweradi, kungoti mayi ake amakhala pambali pake atagwira tikiti. Wofunsa uja analemba zimene anamva.

Ndiye pali ife makolo. Tinaleredwa kuti mwana sumuyalutsa pamaso pa alendo, ndiye pa funso la kusamba mayi amalemba kuti amasamba yekha. Afunseni bwinobwino mumva kuti madzi amayesa ndi iwo kuti asapse, sopo amamuikira m'manja, amaima pakhomo kumukumbutsa m'khwapa ndi kumsana, zovala amayala pabedi motsatana kuyambira kabudula wam'kati. Achita zimenezi zaka 26, moti saonanso kuti ndi chithandizo. Kwa iwo ndi m'mawa chabe. Chikhalirecho mapointi ali mmenemo.

Lamulo la PIP silifunsa ngati munthu anachitapo chinthu tsiku lina. Limafuna kuti azichita mosaika moyo pachiswe, mochita bwino ndithu, mobwereza nthawi zonse pamene pakufunika, komanso osatenga nthawi yoposa kawiri ya munthu wopanda ulumali. Chimodzi chikasowa, amatengedwa kuti sangathe. Kukumbutsidwa ndi kuyang'aniridwa nazonso zimawerengedwa, osati kugwiridwa thupi kokha.

Taonani mmene ziwerengero zimakwerera. Wosowa womuyang'anira pophika chakudya chapafupi ndi mapointi 4, wosatha kuphika n'komwe ndi 8. Wosatha kupanga chiganizo chilichonse pa ndalama ndi 6. Wosatha kuwerenga kapena kumva zizindikiro ndi mawu olembedwa ndi 8. Pa mobility, munthu amene sangatsate njira ngakhale yoizolowera popanda womuperekeza ndi 12, miyendo yake ikhale yabwino chotani. Pa mbali iliyonse, mapointi 8 ndi standard, ndalama zocheperapo, 12 ndi enhanced, zochulukirapo. Mu chaka cha 2025/26 enhanced inali £110.40 pa sabata ku daily living ndi £77.05 ku mobility. Sindikulonjeza kanthu, koma mnyamata amene mwamufotokozayu sali wa mapointi 4.

Nachisale: Malume, mwandikumbutsa. Sabata yatha tinamupatsa £5 kuti agule madzi a £1 ku shopu ya pakona, ine ndili pambali. Anapereka ndalamayo, anatenga botolo, n'kutuluka akumwetulira. Chenji anachita kumuitanira wogulitsa.

Malume Gondwe: Umboni wofunika ndi umenewo. Tsiku, malo, chimene chinachitika, amene anathandiza. Kalata ya dokotala yongonena dzina la ulumali siposa nkhani ngati imeneyo.

Mai a Tadala, team leader: Ndilowererepo pa za malire, poti ine ndi amene ndimaitana anthu mu ofesi zikavuta. Nachisale, ma daily notes ndi care plan si zako, ndi za kampani ndi mwini wake. Usajambule pafoni n'kutumizira mayiwa pa WhatsApp, ntchito ingakuthere ngakhale cholinga chili chabwino. Pita kwa manijala, mayiwa apemphe molemba, ndipo kalata ya umboni ituluke pa pepala la kampani, iwe ulembe zimene umaona ndi maso ako, manijala asaine. Risk assessment ya pamsewu ndi chiwerengero cha antchito amene amamuperekeza kunja zilowemo. Usalembe kuti akuyenera mapointi akuti, imeneyo si mbali yako.

Komanso muno tisatchule dzina la centre kapena dera, a Malawi timadziwana msanga.

Achimwene a ku Luton: Ndamva, za fomu yatsopano ndabweza. Koma mayiwa akaimba foni awamvera? Mwanayo ndi wamkulu, kalata ili m'dzina lake. Kapena apange power of attorney, chikalata chopatsa mayiwa mphamvu yomuimira?

Naphiri: Funso labwino. Power of attorney amapereka ndi munthu amene akumvetsa chimene akusaina, ndipo malinga ndi Mental Capacity Act ya 2005 zimenezi zimaunikidwa pa chiganizo chilichonse pachokha. Mmene akumvekera mnyamatayu njira imeneyo ndi yokayikitsa. Chofunika apa ndi appointee, munthu amene DWP imamuvomereza kuyendetsa nkhani za benefit m'malo mwa wina. Mayiwa aimbe nambala ili pa kalata ija, anene kuti mwana wawo sangathe kuyendetsa yekha nkhani za benefit. Kawirikawiri amabwera munthu kudzaona mwanayo ndi kucheza ndi mayi, amalemba fomu ya BF56, akavomereza amatumiza BF57. Kuyambira pamenepo osaina, oyankha mafunso ndi olandira ndalama ndi iwo, komanso udindo wonena zikasintha ndi wawo. Mphamvu imeneyi imathera pa ndalama za benefit. Ngati bambo aja anamusiyira mwanayu chuma, imeneyo ndi nkhani ya Court of Protection, khoti loona za anthu osatha kudzipangira okha ziganizo.

Pa foni yomweyo apemphe zinthu zitatu: mandatory reconsideration ndi chifukwa chochedwera, kope la lipoti la wofunsa uja lomwe amati PA4, ndi za appointee. Kenako atsatize ndi fomu ya CRMR1 kapena kalata, kuti pakhale cholembedwa. Lipoti likabwera aliwerenge mzere ndi mzere ndi wa Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo pa nkhani ngati zimenezi. Akakanidwanso asafooke, pali tribunal, bwalo lomva apilo, fomu yake ndi SSCS1, ndipo kumeneko oweruza atha kumuona munthuyo ndi maso.

Iwe Nachisale, mayiwa akadzati ukhale appointee ndiwe poti Chingerezi chimawavuta, ukane mwaulemu.

Nachisale: Anayamba kale kuzungulira pamenepo, akuti ndine mwana wawo tsopano.

Mai a Tadala: Kana ndithu. Wantchito ndi ndalama za client sizikhalira pamodzi. Uwaperekeze ku Citizens Advice ngati manijala walola, kapena aimbire Mencap, bungwe lothandiza anthu a learning disability, koma khadi la ku banki usaligwire.

Malume Gondwe: Chinanso, afunse ku GP, dokotala wawo wa m'dera, ngati mnyamatayo ali pa learning disability register. Ngati alipo amayenera kupimidwa chaka chilichonse, ndipo zolembedwa za kumeneko ndi umboni. Mapepala akale a kusukulu yapadera nawonso asatayidwe.

Naphiri: Ndipo PIP si yokhayo. Mnyamatayu atha kupempha Universal Credit, ndalama za boma zothandiza osagwira ntchito kapena opeza zochepa, m'dzina lake ngakhale akukhala ndi mayi ake, malipiro a mayi sawerengedwa. Chimene amaona ndi ndalama zake zosunga: kupitirira £6,000 amayamba kudula, kupitirira £16,000 sapereka. Pafunika fit note, kalata ya dokotala yonena kuti sangagwire ntchito, kenako fomu younikira ngati angathe kugwira ntchito. Iyi asadikire nayo PIP. Carer's Allowance ya mayi, ndalama za wosamala munthu waulumali, ndi imene imadikira kuti daily living ituluke, ndipo akaipempha pasanathe miyezi itatu chigamulo chitabwera imabwerera m'mbuyo. Imafuna maola 35 a chisamaliro pa sabata, ndipo malipiro asadutse malire ake, amene mu 2025/26 anali £196 pa sabata. Mayi wa mashifiti achenjere, kudutsa ndi paundi imodzi kumataitsa ya sabata yonse. Ku khonsolo afunsenso za kuchotseredwa council tax ndi carer's assessment yawo.

Nachisale: Zikomo nonse. Manijala wavomera za kalata, akuti ndilembe ine aione Lachinayi. Mayiwa aimba foni mawa m'mawa mnyamatayo ali kwathu ku centre, kuti ayankhule momasuka iye asakumva. Ndawauza ayambe kulemba m'kope chilichonse chimene amamuchitira kuyambira podzuka mpaka pogona. Afunsa ngati angalembe m'Chichewa.

Naphiri: Alembe m'Chichewa momwemo, zituluka zambiri. Kumasulira kubwere pambuyo.